Mafunso ndi mayankho: mpamba, ngongole ndi kayendetsedwe ka bizinesi yaing'ono ku Zomba

Awa ndi mafunso amene eni magolosale, maokala, malo odyera, masaluni ndi ogulitsa mumsika kuno ku Zomba amafunsa kawirikawiri. Ndalama zimene zili m'zitsanzo n'zongoyerekeza kuti masamu aoneke bwino. Inu ikanimo mitengo yanu ya lero.

Maganizo a bizinesi ndili nawo koma mpamba ndilibe. Kodi ndikatenge ngongole?

Poyambira penipeni, ayi. Bizinesi ikakhala yatsopano simudziwa kuti katundu azituluka msanga bwanji, pomwe tsiku lobweza ngongole limakhala lodziwika kale ndipo silisuntha. Mabanki ndi mabungwe ambiri obwereketsa nawonso safuna kuyambitsa munthu geni. Amafuna kuona imene yayenda kale miyezi ingapo.

Mpamba woyamba uchokere pa ndalama imene itatayika sipabwera munthu kudzanyamula mipando ya m'nyumba: ya ganyu, ya zokolola, ya chipereganyu. Yambani ndi katundu wotuluka tsiku ndi tsiku, ngakhale phindu lake likhale lochepa. Mukapikula pakashi kwa munthu mmodzi kwa miyezi ingapo, mumsika waukulu kapena ku Limbe, m'pempheni kuti muzitenga katundu wina n'kumalipira pakatha sabata. Umenewunso ndi mpamba, ndipo nthawi zambiri ulibe chiwongoladzanja.

Malonda akuyenda ndithu, koma ndalama sindikuiona. Ikupita kuti?

Malo oyamba kuyang'ana ndi kunyumba. Sopo mmodzi lero, paketi ya shuga mawa, ya ndiwo, ya kabaza wa mwana, chipepeso cha maliro. Chilichonse pachokha n'chaching'ono, koma poti sichilembedwa, mwezi ukamatha mashelefu aphwa mwini wake osadziwa kuti wadya mpamba.

Dziikireni malipiro ngati wantchito, pasabata kapena pamwezi, ndipo pakhomo padye pamenepo basi. Mukatenga katundu m'shopu, lipirani kapena lembani kuti adulidwe pa malipiro anuwo. Ndalama ya bizinesi ikhale ndi nambala yakeyake ya Airtel Money kapena Mpamba, yosiyana ndi imene abale amaidziwa. Za mavuto a pachibale musazikane, sizikanika, koma zikhale ndi thumba lake limene mumaponyamo kangachepe sabata iliyonse. Likatha latha.

Ngati kunyumba kulibe vuto, ndalamayo ili mwa makasitomala amene munawakongoza, kapena yagona pashelefu m'katundu wosayenda, kapena mukugulitsa pamtengo wakale katundu atakwera kooda. Zitatuzi zili ndi mayankho ake m'munsimu.

Kodi m'kope la bizinesi ndizilembamo chiyani?

Hadikava imodzi ndi yokwanira. Tsamba lililonse likhale la tsiku limodzi: ndalama imene mwatsegulira, zonse zimene zalowa, zonse zimene zatuluka ndi chifukwa chake, kenako imene mwatsekera. Ya pafoni muziilemba padera ndi ya pamanja, ndipo musaiwale imene amadula potapa kwa ejenti. Madzulo werengani ndalama ili m'kabati. Ikasiyana ndi ya m'kope, fufuzani tsiku lomwelo mutu usanaiwale.

Kumapeto kwa kopelo kukhale masamba a ngongole, munthu aliyense tsamba lake. Kamodzi pamwezi werengani katundu yense pamtengo woodera. Katundu, kuphatikiza ndalama ili pamanja ndi imene anthu akusungirani, kuchotsa imene inuyo mukusungira ena: umenewo ndiye mpamba wanu weniweni. Ngati mwezi uno wachepa kuyerekeza ndi mwezi watha, bizinesi ikubwerera m'mbuyo, kaya pakhomo pa shopu pakudzaza anthu chotani.

Mtengo wogulitsira ndiupeza bwanji?

Ambiri amangoyang'ana mtengo woodera ndi wa mnzawo wa pabenchi loyandikana. Tiyerekeze mwagula thumba la mpunga la makilogalamu 50 ku Domasi pa K100,000 ndipo mukugulitsa K2,500 pa kilogalamu. M'mutu mumati phindu ndi K25,000. Koma thiransipoti yadya K4,000, onyamula K1,000, majumbo K2,000, ndipo popeta, posankha ndi pa banyira mwataya makilogalamu 2. Ndiye kuti mwalowetsa K107,000 pa makilogalamu 48, kilogalamu imodzi yakufikirani pa K2,229. Mukagulitsa onse mupeza K120,000. Phindu ndi K13,000, ndipo chiphaso cha mumsika sichinachokepo.

Katundu wowonongeka msanga monga tomato, nthochi ndi zipatso za kuphiri amafuna kuti muike malire aakulu, chifukwa wa tsiku lachitatu mudzamugulitsa motchipa kapena kumutaya.

Chinanso, mtengo uzitsatira ndalama imene mukaodere ulendo wotsatira, osati imene munaodera kale. Kwacha itagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako ndi 44 peresenti mu November 2023, amene anagulitsa sitoko yawo pamtengo wakale anapeza kuti ndalama yonse, phindu lili momwemo, sikukwana kugula katundu wofanana ndi amene anali naye. Musanatsegule katoni yomaliza, imbani foni kooda mumve mtengo.

Ndizigulitsa ndalama zingati patsiku kuti ndisaluze?

Phatikizani zonse zimene mumalipira pamwezi kaya mwagulitsa kaya simunagulitse. Mwachitsanzo lendi K80,000, wantchito K130,000, mayunitsi a magetsi ndi madzi K30,000, malipiro anu K150,000. Zonse K390,000. Kenako onani m'kope kuti pa K100 iliyonse imene mwagulitsa, imatsala ingati mukachotsa yoodera. Ngati imatsala K15, muyenera kugulitsa katundu wa K2,600,000 pamwezi, kapena K100,000 patsiku ngati mumatsegula masiku 26. Pansi pa apo mukudya mpamba. Mukatenga ngongole, imene muzibweza pamwezi iwonjezereni pa K390,000 ija ndipo muwerengenso.

Banki m'khonde, SACCO, bungwe lobwereketsa kapena banki: ndipite kuti?

Zimatengera chimene mukufuna kugula ndi nthawi imene ndalamayo ibwerere m'manja mwanu.

Banki m'khonde ndi yachangu, sifuna mapepala, ndipo chiwongoladzanja chimabwerera kwa mamembala pogawana masheya chaka chikamatha. Koma magulu ambiri amaika 10 kapena 20 peresenti pamwezi ndipo amafuna ndalama ibwere pakatha mwezi umodzi mpaka itatu. Mukatenga K200,000 pa 20 peresenti, mwezi umodzi wokha ndi K40,000. Wogulitsa matemba kapena tomato amene amaizunguza ndalamayo kanayi pamwezi, ulendo uliwonse n'kupeza K20,000, atsala ndi kanthu. Wogula nayo firiji kapena makina osokera sangakwanitse, chifukwa firiji imabweza ndalama yake pang'onopang'ono kwa chaka kapena kuposa. Chipereganyu ndicho choyenera zida zoterezi: chilibe chiwongoladzanja, vuto lake n'kudikira kuti tsiku lanu lifike, komanso mnzanu amene amasowa akangolandira.

Ku SACCO, bungwe limene mamembala amasungitsako ndalama ndi kubwerekana, mumayamba mwasunga, kenako amakubwerekani molingana ndi masheya anu, kawirikawiri kuwirikiza kawiri kapena katatu. Nthawi yobweza imakhala yotalikirapo. Funsani ngati ili ndi chilolezo cha Reserve Bank of Malawi komanso ngati ili pansi pa MUSCCO, mgwirizano wa ma SACCO m'dziko muno.

Mabungwe obwereketsa monga FINCA, VisionFund ndi MicroLoan Foundation, komanso thumba la boma limene anthu amalidziwa ndi mayina a MEDF ndi NEEF, amapereka ngongole za pagulu ndi za munthu payekha. Ena amafuna muzibweza pasabata kapena pa masabata awiri, choncho onani ngati malonda anu amabweretsa ndalama mwa kathithi chotero.

Mabanki monga National Bank, Standard Bank, NBS ndi FDH ali ndi nthambi m'tauni muno. Poyerekeza pachaka, chiwongoladzanja chawo chimachepa kusiyana ndi cha banki m'khonde ndi mabungwe ambiri obwereketsa, ngakhale nachonso n'chowawa: mu 2024 Reserve Bank inakweza chiwongoladzanja chake chotsogolera kufika pa 26 peresenti, ndipo mabanki poika chawo amayang'ana chimenecho. Amafuna bizinesi yolembetsedwa, sitetimenti ya miyezi ingapo ndi chikole. Ngati mukuganiza zodzapita kubanki chaka chamawa, yambani lero kudutsitsa ndalama ya malonda mu akaunti. Imene imagona m'kabati banki siiona.

Andiuza kuti chiwongoladzanja ndi 5 peresenti pamwezi. Si chochepa chimenechi?

Funsani kaye kuti 5 peresentiyo akuiwerengera pa chiyani. Ena amawerengera pa ndalama yonse imene munatenga mpaka tsiku lomaliza, ena pa imene yatsala. Pa K1,000,000 yobweza m'miyezi 12, njira yoyamba ikutanthauza K50,000 mwezi uliwonse, zonse K600,000. Njira yachiwiri, ngati mukubweza mpamba mofanana mwezi ndi mwezi, chiwongoladzanja chimatsika limodzi ndi ngongoleyo ndipo chonse chimakwana K325,000. Onse awiri akuti 5 peresenti, koma akusiyana ndi K275,000. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Palinso zodulidwiratu: ya mafomu, yokonzera ngongole, ya inshulansi, ndi ndalama imene ena amati muisungitse kwa iwo mpaka mutamaliza kubweza. Mutha kusainira K1,000,000 koma m'manja mwanu n'kufika K900,000, chiwongoladzanja n'kumawerengedwa pa miliyoni yonse. Mafunso ofunika ndi awa: m'manja mwanga mufika zingati, ndidzabweza zingati zonse pamodzi, ndikachedwa sabata imodzi chilango n'chotani, ndipo ndikabweza msanga mundichotsera? Akulembereni ndandanda wa masiku ndi ndalama zobweza, mupite nawo kunyumba, mukasaine mawa lake.

Ndidziwa bwanji kuti nthawi yotenga ngongole yakwana?

Yakwana ngati makasitomala akubwerera chifukwa katundu amene amamufuna watha, ndipo kope likusonyeza kuti zakhala choncho miyezi ingapo. Sinakwane ngati malonda atsika ndipo mukufuna ndalama yolipirira lendi. Ngongole imakulitsa chimene chilipo kale, phindu kapena luzi.

Muyeso wake ndi uwu: phindu la pamwezi limene muli nalo panopa, mutachotsa malipiro anu, likwane kubweza ngongoleyo ngakhale m'mwezi woipa ngati February, osadalira phindu limene mukuliyembekezera. Tengani ndalama yokwanira chinthu chimene mwalemba, osati yonse imene akuti mukhoza kutenga. Ndipo tsiku lolandira pitani kooda musanafike kunyumba.

Nyumba ya mapepala ndilibe. Chikole ndipereka chiyani?

Lamulo la Personal Property Security Act la 2013 limalola kupereka katundu wosunthika ngati chikole: galimoto, njinga yamoto, makina a chigayo, ziweto, ngakhale katundu wa m'shopu. Wobwereketsa amalembetsa chikolecho m'kaundula wa boma, choncho simungachipereke malo awiri kapena kuchigulitsa mwakabisira. Sungani malisiti a zida zanu chifukwa ndi umboni woti n'zanu. Malo a kumudzi opanda mapepala mabanki ambiri salandira.

Pa ngongole ya pagulu chikole ndi anzanuwo: mmodzi akalephera, otsala mumamulipirira. Musalowe gulu limene lasonkhanitsidwa sabata yomweyo n'cholinga chongotenga ndalama. N'chimodzimodzi kusainira munthu ngati mboni yomuimira. Iye akathawa, ngongoleyo ndi yanu.

Nanga katapila, poti ndi wa mwezi umodzi wokha?

Wakatapila amafuna theka la ndalamayo pamwamba, ena kuwirikiza, pamwezi umodzi, ndipo ambiri amasunga khadi lanu la kubanki. Palibe geni yolongosoka imene imabereka chotero. Bola kugulitsa katundu wogona pamtengo woodera.

Makasitomala amafuna ngongole mpaka pakutha pa mwezi. Ndiwakanize?

Zomba ndi tauni ya anthu a pamwezi: aphunzitsi, asilikali a ku Cobbe Barracks, apolisi, ogwira ntchito kuchipatala, kundende ndi ku yunivesite. Golosale ya ku Chinamwali kapena Matawale imene siikongoza n'komwe itaya makasitomala abwino. Koma ikani malire awiri. Oyamba ndi a munthu aliyense payekha, poyamba ndalama yochepa, ikwere akamabweza bwino. Achiwiri ndi a shopu yonse: ngongole zonse pamodzi zisapose phindu la mwezi umodzi, kuti onse atapanda kulipira mpamba utsale.

Munthu asaine m'kope potenga. Yatsopano isatuluke yakale isanathe. Katundu wa phindu lochepa amene inu mumagula pakashi, monga shuga, mafuta ophikira ndi mayunitsi a foni, musakongoze. Ndipo kumbutsani tsiku limene malipiro atuluka, osati pa 5, chifukwa pofika pamenepo ndalama yapita kwa alandilodi ndi kubanki m'khonde. Malipiro a boma nthawi zina amachedwa, choncho tsiku lanu lobweza ngongole lisagundane ndi mapeto a mwezi. Pemphani kuti likhale sabata yachiwiri.

Ndi miyezi iti imene ndiyenera kuchenjera nayo kuno?

Kuyambira January mpaka March ndalama imasowa m'matumba. Anthu alipira fizi, agula feteleza, chimanga chakwera. Katundu wosafunikira kwenikweni, monga zovala ndi ziwiya, amagona. Kuyambira April mpaka August, anthu akakolola ndi kugulitsa chimanga, mpunga wa kudambo la Chilwa, fodya ndi nandolo, misika ya Jali, Songani, Thondwe ndi Mayaka imasangalala. September ndi wa mayunifolomu ndi makope, December ndi wa zovala ndi zakudya.

Amene muli ku Chikanda ndi madera ozungulira Chanco, kalendala yanu ndi ya ophunzira. Akatsekera, malo odyera, ma fotokope ndi nyumba za lendi zimazizira limodzi, koma ngongole siitsekera. Amene mumadalira nsomba za ku Kachulu kumbukirani nyengo imene nyanja imatsekedwa kuti nsomba ziswane, komanso kuti Chilwa amaphwa: anauma mu 1995, ndipo mu 2018 mbali yaikulu inaumanso. Mvula nayo imadula misewu ya kumidzi, monga zinachitikira ndi namondwe Freddy mu March 2023. Miyezi yabwino muzipatula ndalama yokwana lendi ndi malipiro a miyezi iwiri, ndipo ngongole yoodera katundu itengedwe nyengo yabwino ikamayamba kuti ithe nyengoyo isanathe.

Kodi kulembetsa bizinesi n'kofunika? Si kudziitanira msonkho kumeneko?

Pali zinthu zitatu zimene anthu amazisokoneza. Choyamba ndi kulembetsa dzina la bizinesi ku ofesi ya Registrar General, zimene zimatheka pa intaneti kudzera pa MBRS, tsamba la boma lolembetsera mabizinesi, muli ndi chiphaso cha unzika. Mukalembetsa ngati munthu payekha, ngongole za bizinesi ndi zanu ndipo katundu wa pakhomo akhoza kugwidwa. Kampani ya limited imaima payokha koma ili ndi mapepala ambiri a chaka ndi chaka, ndipo golosale imodzi siifunika zimenezo.

Chachiwiri ndi laisensi ya khonsolo, yolipira chaka chilichonse: khonsolo ya mzinda ngati muli m'tauni, khonsolo ya boma la Zomba ngati muli kunja monga ku Thondwe kapena Jali. Ophika ndi ogulitsa zakudya amayenderedwanso ndi a zaumoyo. Opakira zinthu zawo m'mabotolo kapena m'mapaketi, monga uchi, jamu ndi chiponde, amafunika chiphaso cha Malawi Bureau of Standards kuti alowe m'masitolo akuluakulu. Bungwe lomweli ndi limene limayesa masikelo.

Chachitatu ndi nambala ya msonkho, TPIN, ku MRA. Mabizinesi aang'ono amalipira msonkho wokhazikika potengera kuchuluka kwa malonda a pachaka, ndipo VAT imakhudza okhawo amene malonda awo apyola malire ena. Malirewa amasintha ndi bajeti ya boma, choncho kafunseni ku ofesi ya MRA chaka chimene mukulembetsacho. Wogulitsa zitumbuwa pamsewu zonsezi sizimukhudza kwenikweni. Koma amene akufuna akaunti ya bizinesi, ngongole ya kubanki kapena oda ya kusukulu, popanda mapepalawa sapita patali.

Ndapeza oda yopereka katundu kusukulu kapena ku ofesi. Ndikongole kuti ndikwanitse?

Apa ndi pamene mabizinesi ambiri omwe amakula bwino amathyokera. Oda imaoneka yaikulu, koma malipiro akhoza kutenga miyezi, pomwe inu mwatenga ndalama ya 20 peresenti pamwezi. Oda ya phindu la K30 pa K100 iliyonse imene mwalowetsa ikachedwa miyezi iwiri, phindu lonse lapita ndipo mwayamba kulipira za m'thumba.

Musapereke katundu pa mawu apakamwa kapena pa foni. Pakhale LPO, kalata ya ofesiyo yoitanitsira katundu, yosainidwa ndi yodindidwa, wolandira katundu asaine pa pepala loperekera, inu mupereke invoisi n'kusunga kope lake. Funsani ena amene amaperekako katundu kuti amalipidwa pakatha nthawi yaitali bwanji. Kuti mugulitse ku maofesi a boma muyenera kulembetsa ku PPDA, bungwe loyang'anira kagulidwe ka katundu wa boma, ndi kukhala ndi chikalata cha MRA chosonyeza kuti mulibe ngongole ya msonkho. Polipira amadulirako msonkho, choncho uwerengereni mu mtengo ndipo mutenge satifiketi yake, imene imachotsera pa msonkho wanu wa pachaka. Oda imodzi isatenge mpamba woposa theka. Wakuuzani kuti mupereke kaye kangachepe kuti cheke chituluke akukulowetsani m'mlandu wa ziphuphu.

Ndikufuna wondithandiza. Ndilembe m'bale kapena munthu wapadera?

Aliyense mwa awiriwa, bola akhale wantchito weniweni: malipiro odziwika, ntchito yolembedwa, ndipo werenganani katundu tsiku loyamba, nonse musaine. Vuto la m'bale amene "akungothandiza" ndi loti salipidwa, ndiye amadzilipira yekha, ndipo kumuchotsa kumafika mpaka kwa amalume.

Lamulo la ntchito limati maola asapose 48 pasabata popanda malipiro owonjezera, ndipo malipiro asatsike pa mlingo umene boma limalengeza. Mlingo wa chaka chino mukaupeza ku ofesi ya zantchito ya boma lino. Pa penshoni, wolemba ntchito amaika 10 peresenti ndipo wantchito 5 peresenti. Pochotsa munthu pakhale chifukwa chomveka ndipo apatsidwe mpata woyankhapo, apo ayi nkhani imakathera kukhoti la zantchito. Malipiro akewo muwaike m'masamu a funso lachisanu lija musanamulembe.

Ndayamba kulephera kubweza. Nditani?

Pitani kwa okubwerekaniwo tsiku lisanakwane, kope lili m'manja, mukapemphe kuti akutalikitsireni nthawi ndi kuchepetsa ya pamwezi. Munthu wobwera yekha amamvedwa kusiyana ndi wozimitsa foni. Zimene mwagwirizana zilembedwe, ndipo ndalama iliyonse imene mwapereka, ngakhale kwa ofisala wobwera pakhomo, ikhale ndi lisiti.

Musatenge ngongole kwina kuti mutseke iyi. Amene ali m'mabanki m'khonde atatu, uku kutenga uku kubweza, amafika December alibe chogawana. Mabanki ndi mabungwe ovomerezeka amatumiza mbiri ya obwereka ku mabungwe osunga mbiri ya ngongole monga Credit Data ndi TransUnion, ndiye kuthawa pamodzi kumatseka zitseko zina zonse. Ngati mukuona kuti bungwe lovomerezeka lakuwerengerani molakwika kapena lalanda katundu mosatsata mgwirizano, yambani mwadandaula kwa iwo polemba kalata, zikakanika mukadandaule ku Reserve Bank.

Shopu ikuyenda bwino. Nditsegule ina?

Yesani kaye izi: chokanipo sabata yathunthu, wantchito ayendetse yekha, pobwera muwerenge katundu ndi ndalama. Zikagwirizana ndi kope, mukhoza kuganiza za shopu yachiwiri. Zikasiyana, mukatsegula ina mudzakhala ndi malo awiri otayira ndalama.

Nthawi zambiri kukulitsa pomwe mulipo kumalipira msanga: kuwonjezera mitundu ya katundu amene anthu amafunsa, kugula firiji, kapena kuphatikizana ndi anzanu awiri atatu pokaoda ku Limbe kuti mugule pamtengo wa makatoni ambiri ndi kugawana thiransipoti. Ngati mwatsimikiza za shopu ina, ikhale ndi kope lake, nambala yake ya foni ndi mpamba wake, kuphatikizapo lendi ndi malipiro a miyezi itatu yoyamba, ndipo katundu wochoka m'shopu yakale kupita ku yatsopano azilembedwa ngati wagulitsidwa.